Mukamaliza kuyeserera musabalalike, khalani pansi mukambirane

Tinene kuti azamba asanu pachipatala china muno mu Lilongwe angomaliza kuyeserera pachidole mmene angathandizire khanda lobadwa losapuma. Kawirikawiri wotsogolera amangondandalika zolakwika, enawo n'kumagwedeza mutu, kenako aliyense ulendo kuwodi. Phunziro limatayikira pamenepo.

Mu 2013, akatswiri a kafukufuku Tannenbaum ndi Cerasoli ataunika kafukufuku wosiyanasiyana anapeza kuti kukambirana kokonzedwa bwino pambuyo pa ntchito kumakweza kagwiridwe kake ndi 20 mpaka 25 peresenti. Munthu amasunga kwambiri chimene wachikumbukira yekha n'kuchinena ndi pakamwa pake kusiyana ndi chimene wangouzidwa. Choncho wotsogolera azifunsa, asamalalikire.

Kambiranani pompopompo, anthu asanapite kutiyi, chifukwa zambiri zimaiwalika m'maola oyambirira. Mphindi 15 zikwana. Mafunso anayi amene asilikali a ku America anayamba kugwiritsa ntchito m'ma 1970 akugwirabe ntchito: timafuna kuchita chiyani, chachitika n'chiyani, chifukwa chiyani, ndipo ulendo wina tisintha pati?

Funso lachitatulo ndilo lofunika kulipatsa nthawi. Kungoti "mwachedwa" sikuphunzitsa munthu. Nenani zimene mwaona ndi maso: "A Sista, padutsa masekondi 90 mwana asanayambe kupopedwa mpweya, pomwe timafuna zichitike mphindi imodzi isanathe. Nthawi imeneyo mumaganiza chiyani?" Mwina mupeza kuti masiki yopopera mpweya inali m'kabati, kapena awiri amadikirirana, aliyense poganiza kuti mnzake ndiye apopa. Vuto lotere silitha ndi kudzudzula. Limatha ndi kuika masiki pafupi ndi kugawana ntchito mayi asanachire.

Ayambe kuyankhula ndi wamng'ono paudindo. Wamkulu akayamba, ena onse amangoti "monga anenera akuluakulu", ndipo choonadi chimabisika. Mukafunsa, werengani chamumtima mpaka faifi musanayankhulenso. Kachetechete ameneyu ndi wovuta kumupirira, koma ndi mmene anthu amaganizira. Muwatsimikizirenso kuti zokambidwa pano sizipita kwa abwana, pakuti munthu wamantha amadziteteza m'malo mofotokoza.

Musachoke ndi mfundo khumi. Ziwiri kapena zitatu, iliyonse ndi dzina la woichita. Kenako bwezerani chidole patebulo, muyeserenso nthawi yomweyo, ndipo mudzabwereze pakatha masabata angapo.