Kupanga timu yosunga mpira mu Football Manager 2024, koma yomwetsa zigoli

Ambiri akafuna timu yosunga mpira mu Football Manager, masewero a pakompyuta oyendetsa timu ya mpira, amathamangira kudina mabatani atatu: Much Shorter Passing, Much Lower Tempo ndi Work Ball Into Box. Mpira amausungadi, koma masewero amatha opanda chigoli, kapena adani amathawa kamodzi kokha n'kugoletsa. Zoterezi zimachitikanso pa bwalo lenileni. Pa 6 December 2022, pa World Cup ya ku Qatar, Spain inakhala ndi mpira pafupifupi 77 peresenti ya masewero, inapatsirana kupitirira ka 1,000, koma inalephera kuboola Morocco ndipo inatuluka pa mapenate. Zili ngati pa bawo, pamene munthu akungozungulitsa nkhomo mbali yake osadya za mnzake.

Mpira susungidwa ndi mabatani. Umasungidwa ndi malo amene osewera aima: amene ali ndi mpira akhale ndi anzake awiri kapena atatu pafupi oti awapatsire, ndipo ukatayika pakhale anthu oulanda msanga. Mabatani amangothandizira. Zonse zimene zili m'munsimu zikutsatira mayina ndi maudindo a mu Football Manager 2024 (FM24).

Yambani ndi osewera amene muli nawo

Luso la wosewera aliyense limalembedwa kuyambira 1 mpaka 20. Pa kaseweredwe aka, yang'anani Passing, First Touch, Technique, Composure ndi Decisions. First Touch ndiye amene anthu amamuiwala. Wosewera wa Passing 15 koma First Touch 9 mpira umamudumpha paphazi akaulandira atapanikizidwa, ndipo luso lake lopatsira lija silipeza mpata wooneka. Kwa akutsogolo onjezani Off The Ball ndi Anticipation. Kwa otchinga kumbuyo apakati onjezani Pace ndi Acceleration, chifukwa adzaima kutali ndi golo lawo.

Manambala amenewa muwayerekeze ndi ligi yanu, osati ndi Real Madrid. Mu Premier League, wapakati wa timu yotere ayenera kukhala ndi 14 kapena kuposa pa zinthu zisanu zija. M'maligi a pansi, 11 akhoza kukhala mfumu. Tsamba la Comparison m'malipoti a timu limasonyeza pamene timu yanu ili poyerekeza ndi ena onse mu ligi. Ngati muli pansi pa theka pa Passing ndi First Touch, musakakamire. Gulani kaye anthu atatu: goloboyi wodziwa kusewera ndi mapazi, wapakati woima patsogolo pa otchinga kumbuyo, ndi wotchinga mmodzi wothamanga.

Onaninso zizolowezi za osewera, zimene masewerawa amati Player Traits. Plays One-Twos ndi Plays Short Simple Passes n'zothandiza. Shoots From Distance ndi Tries Long Range Passes zimataya mpira ngakhale malangizo anu atanena zina, chifukwa chizolowezi chimapambana malangizo nthawi zambiri. Mphunzitsi wothandizira akhoza kumusiyitsa wosewera chizolowezicho, koma zimatenga miyezi ndipo nthawi zina zimakanika.

Maimidwe awiri m'timu imodzi

Sankhani 4-3-3 yokhala ndi DM mmodzi, wapakati uja woima patsogolo pa otchinga kumbuyo. Amene mukuwaona pa bolodi la Tactics kwenikweni ndi maimidwe a timu pamene ilibe mpira. Ikakhala nawo, maudindo ndi amene amasuntha anthu, ndipo FM24 inakonzedwa kuti wosewera akachoka pamalo pake, anzake azimupatsa mpata kapena kutseka pamene wachoka. Chimene tikufuna ndi 3-2-5: atatu kumbuyo, awiri pakati, asanu kutsogolo, mofanana ndi momwe Manchester City ya Pep Guardiola inkaimira mu 2022/23, pamene John Stones ankachoka kumbuyo n'kukaima pambali pa Rodri.

Udindo uliwonse umakhala ndi ntchito yake: Defend (kutchinga), Support (kuthandizira) kapena Attack (kupita kutsogolo). Pa golo ikani Sweeper Keeper pa Defend. Pa Support pokhapokha ngati Composure ndi Passing yake ili bwino. Kumanzere kumbuyo, Inverted Full-Back, udindo umene unabwera kumene mu FM24. Iyeyu amalowa mkati n'kukhala wotchinga wachitatu, choncho pamafunika munthu wamphamvu, wodziwa kutchinga, osati wothamanga mumzere. Wotchinga wapakati wothamangako amakwanira bwino. Kumanja kumbuyo, Inverted Wing-Back pa Support, amene amakalowa pakati kukaima ndi DM. Ameneyu akhale wodziwa mpira ngati wapakati weniweni, poti adzaulandira adani atamuzungulira mbali zonse.

Otchinga kumbuyo apakati awiri onse akhale Central Defender pa Defend. Apa ambiri amadabwa, chifukwa dzina lakuti Ball Playing Defender limamveka ngati loyenera timu yosunga mpira. Koma udindo umenewu umamuuza wosewera kuti aziyesa mipira yoopsa, ndipo kawirikawiri amaumenya wautali kuponyera kumapiko. Ukafika, n'zokoma, ukapanda kufika, mwaupereka. Central Defender wamba, mukaika Play Out Of Defence, amangopatsira wapafupi. Ngati muli ndi wotchinga wa Vision ndi Passing zapamwamba, mmodzi yekha apatsidwe udindowo, osati onse awiri.

DM akhale Deep-Lying Playmaker pa Defend kapena Defensive Midfielder pa Support. Patsogolo pake, kumanzere Advanced Playmaker pa Support, kumanja Mezzala kapena Central Midfielder pa Attack. Dziwani kuti udindo uliwonse wa playmaker umakoka mpira: anzake amamufunafuna ngakhale pali wina woima pabwino. Awiri ndi malire. Atatu amachedwetsa timu, ndipo adani akangomanga mmodzi, zonse zimaima. Ngati Advanced Playmaker wanu ndiye katswiri wa timu, DM angokhala Defensive Midfielder kuti mpira usamachedwe kumbuyo.

Tsono mapiko. Popeza otchinga a m'mbali onse alowa mkati, palibenso wina wotambasula bwalo kupatula awiriwa. Onse akhale Winger, mmodzi pa Support kumbali ya Mezzala, wina pa Attack kumbali ya Advanced Playmaker. Mukaika Inside Forward, wakumapiko wolowa mkati, mbali zonse pamodzi ndi otchinga olowa mkati, anthu asanu ndi atatu amaunjikana pakati, adani amangotseka khomo la bokosi n'kukhala phee. Ili ndiye vuto lalikulu pa matimu osunga mpira amene sagoletsa. Ngati simungachitire mwina koma kuseweretsa Inside Forward, kumbuyo kwake kukhale Wing-Back wokwera mumzere, ndipo mbali inayo ikhale ndi Inverted Full-Back.

Kutsogolo, Deep-Lying Forward pa Support amatsika kudzalandira mpira n'kukoka wotchinga mmodzi, ndipo mpata umene watsegukawo ndi umene Mezzala ndi Winger wa Attack amathamangiramo. Werengani: osewera awiri okha pa Attack, koma onse ndi othamangira kuseri kwa adani. Popanda awiriwa, aliyense amafuna mpira kuphazi ndipo palibe woopseza. Ngati womwetsa zigoli wanu ndi wa liwiro osati wopatsira, muikeni Advanced Forward, ndiye Mezzala abwerere pa Support kuti pakati pasakhale dzenje.

Malangizo a timu: ochepa

Mentality ikhale Positive. Kumbukirani kuti Mentality imasintha zinthu zambiri pakamodzi: kulimba mtima popatsira, liwiro, kutambasuka ndi pamene otchinga aima. N'chifukwa chake Shorter Passing pa Positive si yofanana ndi Shorter Passing pa Cautious. Pa Attacking osewera amayesa mipira yoopsa yambiri, mpira umatayikatayika. Pa Cautious amabwezera kumbuyo mopitirira.

Pamene muli ndi mpira, ikani Shorter Passing ndi Play Out Of Defence. Tempo isiyeni pakati, kapena itsitseni pang'ono chabe. Mpira woyenda pang'onopang'ono umapatsa adani nthawi yobwerera m'malo awo, ndipo timu yopanikiza imakupezani mukadali kuganiza. Kutambasuka kukhale kwapakati kapena kokulirapo pang'ono. Low Crosses imagwirizana ndi akutsogolo afupiafupi. Work Ball Into Box musayambe nayo. Idzabwere pokhapokha mwaona kuti anyamata akumenya mipira ya patali yopanda pake. Pass Into Space isiyeni, imaponya mpira patsogolo pa munthu ndipo yambiri imatayika. Dribble Less imakwezadi nambala ya mpira, koma imamanga miyendo ma Winger amene mukuwadalira kuti adutse munthu. Ndi bwino kuuza osewera apakati mmodzimmodzi m'malo momanga timu yonse.

Mpira ukatayika, Counter-Press, kutanthauza kupanikiza nthawi yomweyo kuti muulandenso. Apa m'pamene 3-2-5 imaonetsa phindu lake, chifukwa anthu asanu ali kale kuseri kwa mpira ndipo awiri apakati aja ali pafupi kuulanda. Mukaulanda, Hold Shape imasunga mpira koma imataya mwayi wothawa adani asanakonzeke. Njira yabwino poyamba n'kusadina Counter ngakhale Hold Shape, osewera aziona okha. Goloboyi: Distribute To Centre-Backs ndi Take Short Kicks.

Pamene mulibe mpira, High Press, Higher Defensive Line, Trigger Press pa More Often, ndi Prevent Short GK Distribution. Yomalizayi ndi yaing'ono koma imabweza mipira yambiri, chifukwa goloboyi wa adani amakakamizika kumenya wautali, umene otchinga anu amaulandira ndi mutu. Chofunika n'chakuti mzere wa opanikiza kutsogolo ndi mzere wa otchinga iziyendera limodzi. High Press yokhala ndi otchinga oima pansi imasiya bwalo lalikulu pakati, ndipo DM wanu amatsala yekha kuthamangitsa anthu atatu.

Maphunziro

Njira yatsopano imafuna nthawi kuti osewera aizolowere, ndipo Tactical Familiarity imasonyeza pamene afika. Iyambitseni nyengo isanayambe, ndi masewero apaubale asanu kapena asanu ndi limodzi, ena mwa iwo olimbana ndi matimu aang'ono amene adzatseka kumbuyo. M'sabata ikanimo Ball Retention, Play From The Back ndi Attacking Patient. Muli ndi malo a njira zitatu; yachiwiri ikhale yomweyi koma pa Balanced ndi mizere yotsikirapo.

Kuwerenga zimene zikulakwika

Key Highlights sizingakuuzeni kanthu pa kaseweredwe aka. Onerani mphindi 15 zoyamba pa Full Match kapena Comprehensive, ndi kamera ya 2D, muziimitsa masewero pamene DM ali ndi mpira n'kuwerenga anthu amene angawapatsire. Akachepera atatu, vuto lili pa maudindo. Masewero akatha, onani mapu a kupatsirana ndi xG (nambala yoyeza zigoli zimene mipata yanu ikanayenera kubala) mu Data Hub.

Mapu akaonetsa mizere yonenepa pakati pa otchinga ndi m'mbali mokha, pakati pali mbee, ndiye kuti mpira ukungozungulira kunja kwa adani. Kwezani Tempo kamodzi, ndipo chotsani Work Ball Into Box ngati munaiika. Zikapitirira, tambasulani timu. Ambiri apa amakwezera Mentality pa Attacking, koma polimbana ndi timu yotseka kumbuyo izi zimangokankhira anthu anu onse pakhoma lomwelo. Nthawi zina kutsikira pa Balanced ndiko kumakoka adani kuti atuluke.

Mukamagoletsedwa ndi mpira umodzi wautali wodutsa pamwamba pa otchinga, pali zifukwa ziwiri, ndipo muyenera kudziwa chanu ndi chiti. Choyamba, otchinga ndi ochedwa: tsitsani mzere kufika pa Standard, kapena ikani Drop Off More, kapena wotchinga wothamangayo akhale pa Cover, wotsalira kumbuyo kwa mnzake. Chachiwiri, womenya mpira uja anali ndi nthawi yodzutsa mutu chifukwa palibe anamupanikiza. Apa kutsitsa mzere sikuchiza. Pitani pa Opposition Instructions mukaike Trigger Press pa wapakati wawo wopatsira bwino. Bwezerani chigolicho muone masekondi asanu mpira usanamenyedwe, yankho lili pamenepo.

Mukamalandidwa mpira pakhomo pa bokosi lanu ndi matimu opanikiza kwambiri, musaumirire. Sinthani goloboyi kuti azipatsira otchinga a m'mbali, kwezani Passing Directness kufika pa Standard, ndipo zikavuta chotsani Play Out Of Defence kwa masewero amenewo okha. Timu yopanikiza imasiya mpata kumbuyo kwake, ndipo Winger wanu wa Attack akuudikira.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo muweruze njirayo pa masewero asanu kapena kuposa. Kugonja kamodzi pamene xG yanu inali yokwera kuposa ya adani si chifukwa chophwasulira zonse.

Kutopa nako kumadya timu yotere mwakachetechete, makamaka apakati awiri okwera aja, ma Winger ndi Inverted Wing-Back. Wotopa amalakwitsa polandira mpira ndipo kupanikiza kwake kumachedwa. Asintheni pakati pa mphindi 60 ndi 70, ndipo malo amenewa akhale ndi anthu awiriawiri oyenera. Mukakhala patsogolo ndi zigoli ziwiri m'mphindi 20 zomaliza, apo ndiye pogwiritsa ntchito mabatani ogonetsa masewero aja: Balanced, Lower Tempo, Hold Shape, Slow Pace Down kwa goloboyi, Trigger Press ibwerere pakati, ndipo Mezzala atsike pa Support. Mzere wa otchinga wokha musautsitse kwambiri, chifukwa mukalowa m'bokosi lanu opatsirana nawo amasowa, goloboyi amayamba kumenya yaitali, ndipo mpira uliwonse umabwerera kwa adani.