Kuchoka pa DSL Kupita pa Cable Osakhala Tsiku Lopanda Intaneti

Munthu akandifunsa ngati kuli bwino kusiya DSL n'kupita pa intaneti ya cable, sindiyang'ana kaye manambala akuluakulu amene makampani amalemba potsatsa malonda. Ndimamufunsa kuti nyumba yake yatalikirana bwanji ndi bokosi la kampani ya mafoni, komanso ngati anansi ake ambiri ali kale pa cable. Mayankho a mafunso awiriwa ndi amene amaonetsa ngati kusinthako kupindule.

DSL imayenda m'mawaya awiri amkuwa a foni ya m'nyumba. Mawu a foni amatenga malo ochepa a m'munsi, osapitirira 4 kHz, intaneti n'kumayenda pamwamba pake, n'chifukwa chake mumatha kuimba foni uku intaneti ikugwirabe. Mdani wake ndi mtunda. DSL ya mtundu wa ADSL2+ imatha kufika liwiro la 24 Mbps (mamegabiti pa sekondi) potsitsa zinthu, koma liwiro limenelo amaliona ndi okhawo amene ali pafupi kwambiri ndi makina a kampani otchedwa DSLAM. Mukatalikira makilomita atatu kapena anayi, mumangotsala ndi kachigawo kochepa. Ya mtundu wa VDSL2 imafika 100 Mbps, koma pokhapokha waya wamkuwawo ukhale wa mamita mazana ochepa chabe. Chabwino chake n'chakuti waya umenewo ndi wanu nokha mpaka kukafika kubokosi, palibe wina amene mukulimbirana naye.

Cable imadutsa pa waya wonenepa wa coaxial, womwe uja wa TV, wokhala ndi kachitsulo kamodzi pakati ndiponso mutu wopotokola. Mtunda suivuta kwenikweni, ndipo liwiro lotsitsa limaposa la DSL kutali. Koma nyumba zambiri za m'dera limodzi zimagawana njira imodzi. Zili ngati mpope umodzi wotungapo anthu ambiri: nthawi imene aliyense wabwera ndi chidebe chake, madzi amayamba kutuluka mwaulesi. Ndiye musanasaine chilichonse, pemphani mnansi amene ali pa cable kuti ayese liwiro lake cha m'ma 8 kapena 9 koloko usiku, osati masana pamene anthu ali kuntchito. Mumufunsenso za liwiro lotumiza. Pa cable limakhala lochepa kwambiri poyerekeza ndi lotsitsa, ndipo ngati mumachita misonkhano ya pavidiyo kapena kutumiza mafayilo akuluakulu, nambala imeneyo ndi imene muziiona tsiku ndi tsiku.

Mukatsimikiza, lembetsani intaneti yatsopanoyo koma yakaleyo musaidule. Apa ndi pamene anthu ambiri amathamangira. Popeza DSL ndi cable zimayenda m'mawaya osiyana, zonse ziwiri zimatha kugwira ntchito m'nyumba imodzi popanda kusokonezana. Kulipira zonse ziwiri kwa kanthawi kochepa kumawawa, inde, koma sikungafanane ndi kukhala mlungu wathunthu mukudikira munthu wodzalumikiza amene wasuntha tsiku lobwera.

Nthawi yodikirayo muigwiritse ntchito pofufuza zinthu zimene zamangirizidwa ku kampani yakale. Imelo imene munapatsidwa ndi kampaniyo imatha kutsekedwa mukachoka, ndipo ngati ndi imene munalembetsera kubanki kapena kumalo ena ofunika, isintheni panopa. Nambala ya foni ya m'nyumba, ngati mukuifunabe, pemphani kampani yatsopanoyo kuti iisamutse, ndipo akaunti yakale musaitseke kusamutsako kusanathe, chifukwa nambala ikatsekedwa kuibweza n'kovuta. Alamu ya m'nyumba imene imaimba kudzera pa waya wa foni nayonso muikumbukire. Dziwaninso kuti foni ya pa waya wamkuwa imalandira mphamvu kuchokera ku kampani, ndiye magetsi akazima imagwirabe, pamene foni yodutsa pa modemu ya cable imazima limodzi ndi modemuyo ngati ilibe batire.

Tsopano za zipangizo. Modemu ya DSL singagwire pa cable ngakhale mutatani. Kumbuyo kwake kuli kabowo ka waya wa foni, palibe polowetsa coaxial. Mufunika modemu ya DOCSIS, lomwe ndi dzina la luso limene mamodemu a cable amagwiritsa ntchito. Mtundu wa 3.0 unatuluka mu 2006, wa 3.1 mu 2013, ndipo ngati mukugula nokha ine ndingati tengani ya 3.1, koma muyambe mwaona mndandanda wa mamodemu amene kampaniyo imavomereza. Kunsi kapena kumbuyo kwa modemu kuli kapepala komata kolembedwa nambala ya MAC, imene imasiyanitsa modemuyo ndi mamodemu ena onse. Kampani imalembetsa modemu yanu pogwiritsa ntchito nambala imeneyo, ndipo isanalembetsedwe, timagetsi timatha kuyaka bwinobwino koma intaneti osabwera. Jambulani kapepalako ndi foni musanaike modemu kuseri kwa kabati.

Rauta yanu yakale, chipangizo chimene chimagawa intaneti m'nyumba, ngati ndi bokosi lapadera lokhala ndi polowetsa WAN (polowera waya wochokera ku modemu), musaitaye. Chofunika n'kusintha chinthu chimodzi m'kati mwake. DSL nthawi zambiri imalumikiza ndi PPPoE, imene imafuna dzina ndi mawu achinsinsi ochokera ku kampani. Cable siifuna zimenezo, imangopereka adiresi yokha kudzera pa DHCP. Lowani m'rauta, pitani pa tsamba la WAN, chotsani PPPoE n'kusankha DHCP. Kenako zimitsani modemu, dikirani pang'ono, iyatseni, ikakhazikika ndiye muyatse rauta. Zimenezi si mwambo chabe. Modemu ya cable imakumbukira chipangizo choyamba chimene yachiona, ndiye ngati wodzalumikiza uja anayesera pa laputopu yake, rauta yanu siipatsidwa adiresi mpaka modemuyo itazimitsidwa. Anthu amatha maola akuimbira kampani chifukwa cha kanthu kameneka.

Kampani ikakupatsani bokosi limodzi lokhala modemu ndi rauta momwemo, ndipo inu mukufunabe rauta yanu, pemphani kuti bokosilo aliike pa bridge mode, kutanthauza kuti lizigwira ntchito ya modemu yokha. Mukapanda kutero mumakhala ndi marauta awiri otsatizana, zimene zimavutitsa masewera a pa intaneti ndi makamera a pakhomo. Ngati mwasankha kugwiritsa ntchito bokosi latsopanolo, lipatseni dzina la Wi-Fi ndi mawu achinsinsi ofanana ndendende ndi akale, zilembo zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Mafoni, TV ndi pulinta zidzalumikiza zokha. Muzimitse Wi-Fi ya bokosi lakale kuti zisamalimbane.

Chinthu chimene ndimakonda kuonetsa anthu ndi tsamba la modemu yeniyeniyo. Pa mamodemu ambiri a cable, mukalemba 192.168.100.1 pa burawuza mumapeza manambala a mphamvu ya siginecha. Mphamvu yobwera imafunika kukhala pafupi ndi 0 dBmV, pakati pa -7 ndi +7 pali bwino. Mphamvu yotumiza ikamapitirira 50 dBmV, modemu ikukuwa kuti imveke, ndipo posachedwa muyamba kuona intaneti ikuduka yokha. Kawirikawiri vuto limakhala m'nyumba momwemo. Tsatirani wayawo kuchokera pamene walowera pakhoma. Splitter (kachipangizo kogawa waya) iliyonse ya njira ziwiri imadya pafupifupi 3.5 dB ya siginecha, ndipo m'nyumba zakale mumatha kupeza ziwiri kapena zitatu zotsatizana, zina zopita kuzipinda zimene mulibe TV n'komwe. Chotsani zosafunikazo. Mitu ya waya muimange ndi zala mpaka ithine, ndipo waya woonda wakale wa RG59 musinthe ndi RG6.

Poyesa liwiro, lumikizani kompyuta ku rauta ndi waya wa Ethernet. Mukayesera pa Wi-Fi muli kuchipinda chakutali, mukuyesa makoma a nyumba yanu, osati kampani. Yesani m'mawa, yesaninso usiku, kwa masiku angapo. Zikakukhutiritsani, imbirani kampani yakale kuti idule. Werengani kaye mgwirizano wanu, chifukwa ena amalipiritsa chindapusa mukachoka nthawi isanakwane. Modemu yawo ndi chingwe chake cha magetsi mukabweze, ndipo mutenge lisiti n'kulisunga. Nkhani za kulipiritsidwa chipangizo chimene munabweza kale zimachitika.

Amene akuyenda ulendo wobwerera, kuchoka pa cable kupita pa DSL, njira yake ndi yomweyi koma yotembenuza. Funsani kampani liwiro limene waya wa nyumba yanu ungakwanitse, osati la pa malonda. Dzina ndi mawu achinsinsi a PPPoE muwalembe penapake pa tsiku lolumikiza. Foni iliyonse imene ili pa waya womwewo iikidwe kafyuluta, apo ayi muzimva kusokosera poimba ndipo intaneti izidukaduka. Modemu muiike pa soketi yoyamba pamene waya walowera m'nyumba, pa chingwe chachifupi. Mukaona masamba ena akutseguka pamene ena akungozungulira osatha, yang'anani MTU m'rauta, yomwe ndi nambala ya malire a kukula kwa phukusi limodzi la deta: pa PPPoE imafunika kukhala 1492, osati 1500 imene inali pa cable.