Kope la ngongole lisanyowe

Amalonda anzanga a ku Nchalo, Ngabu mpaka Bangula, mvula isanayambe samalani kope lanu. Namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023, madzi analowa m'golosale yanga, kope la ngongole n'kusanduka phala. Anthu amene ankatenga shuga ndi sopo podikira malipiro a kumapeto kwa mwezi, ambiri sindinawakumbukirenso, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Pano kopelo ndimalikulunga m'jumbo n'kulipachika kudenga. Loweruka lililonse ndimajambula masamba ake pafoni n'kutumiza kwa mlongo wanga ku Blantyre pa WhatsApp. Zolowa pa Airtel Money kapena Mpamba lembani tsiku lomwelo. Lembaninso zimene mwatapa nokha m'kabati kukagulira ndiwo, ngakhale K500 ya matemba, chifukwa n'zimene zimadya mpamba mwakachetechete.