Kunena "ndikanachita" m'Chisipanishi: musadule mneni

Ntchito yanga ndi yonyamula alendo kuchokera ku Chipata kupita nawo ku Mfuwe, ndipo ena mwa iwo amakhala a ku Spain kapena ku Mexico. Chisipanishi ndinachiphunzira ndili m'galimoto, pa nthawi yowadikira. Mwa zonse, chimene ndimagwiritsa ntchito tsiku lililonse ndi condicional, yomwe imagwira ntchito ya -kana- ndi -nga- wathu uja: ndikanagula, mungandithandize.

Tengani mneni wathunthu monga momwe alili m'dikishonale, musam'dule mchira. Hablar ndi kulankhula, comer ndi kudya, vivir ndi kukhala. Kumapeto kwake lumikizani -ía, -ías, -ía, -íamos, -íais, -ían. Ndiye ine ndi hablaría, iwe hablarías, iye hablaría, ife hablaríamos, inu ambiri hablaríais, iwo hablarían. Aneni a -ar, -er ndi -ir onse amatenga mathero omwewa, choncho comería ndi viviría simuchita kuwaloweza padera. Hablaríais mumumva kwa a ku Spain okha. A ku Mexico amati ustedes hablarían. Ndipo popeza ine ndi iye n'zofanana, ikani yo (ine) kapena ella (iye wamkazi) ngati pangakhale chisokonezo.

Pamene ife timapunthwa ndi pa r. Kwathu kuno l ndi r timangowasinthanitsa, nthawi zina r timam'meza kumene, koma apa r ameneyu ndiye wanyamula tanthauzo lonse. Tsiku lina titaima kuti tidye, ndinafuna kufunsa mayi wina wachikulire ngati angadye nsima. M'malo monena "¿Comería usted nsima?" ndinati "¿Comía usted nsima?", kutanthauza kuti kodi ankadya nsima kale. Mayiwo anayankha kuti nunca, sanadyepo, ine n'kuganiza kuti akana. Tinafika ku Mfuwe asanailawe, chonsecho ankaifuna. Kuyambira pamenepo ndimatchula pang'onopang'ono: co-me-rí-a.

Kachizindikiro ka pamwamba pa í kakusonyeza pogogomezera mawu. Pa comería lilime lathu limagwera pomwepo lokha, chifukwa nafenso timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Vuto lili pa comeríamos. Pakamwa pamafuna kukoka a, koma muyenera kugogomezabe rí. Kumbukiraninso kuti h wa hablar satchulidwa. Amene mumawoloka pa Chanida kukachita malonda ku Tete mwamvapo falaria m'Chipwitikizi. Kapangidwe kake n'komweko.

Poigwiritsa ntchito, yambani ndi ulemu. Kunena kuti quiero, ndikufuna, kumamveka kouma kwa munthu wosamudziwa. "Me gustaría" ndi kofewa, ngati mmene timanenera kuti ndingakonde. "¿Me ayudaría usted?" ndi mungandithandizeko bambo? Polangiza munthu ndimati "Debería llevar agua", mungachite bwino kutenga madzi, makamaka mu Okutobala chigwa cha Luangwa chikatentha.

Pa zinthu zongoyerekeza samalani. Ife timati ndikanakhala ndi nthawi, ndikanapita ku Mtenguleni, -kana- kawiri. Olankhula Chisipanishi condicional saiika pambuyo pa liwu lawo loti si (ngati) m'chiganizo chotere. Amati "Si tuviera tiempo, visitaría Mtenguleni". Mbali ya si imatenga tuviera, mbali inayo ndiyo imatenga -ía. Ine ndinangoloweza si tuviera ngati liwu limodzi, n'kumasintha za kutsogolo: compraría, viajaría, comería.

Imathandizanso pofotokoza zimene munthu analonjeza: "Dijo que llegaría a las ocho", anati afika 8 koloko.

Aneni ochepa amasintha tsinde, monga tener kukhala tendría, hacer haría, decir diría, poder podría, koma mathero ndi omwe aja. Amenewa asiyeni kaye. Sankhani aneni atatu a ntchito yanu, kaya mumagulitsa zitenje pa Kapata kapena mumapalasa njinga, muziwatchula mokweza m'mawa uliwonse kuyambira yo mpaka ellos (iwo). Anga oyamba anali llevar, esperar ndi subir: kunyamula, kudikira ndi kukwera.