Musanasangalale ndi dishi, ipatseni njira yopita m'nthaka

Msika wa fodya ukatsekedwa ku Chinkhoma, madishi a kanema amabadwa pa madenga ngati bowa. Mukadutsa ku Santhe, ku Chamama kapena ku Mtunthama mudzawaona, ena atakhomedwa pa khoma, ena pa phaipi yaitali kuposa nyumba yomwe. Ine ndikaima pansi pake sindiyang'ana kukula kwa dishi ayi. Ndimafuna waya woteteza ku mphenzi, wotsika kuchokera pa chitsulocho kukalowa m'nthaka, ndipo nthawi zambiri palibe. Woika dishi anangoonetsa mpira pa kanema, analandira yake, n'kumapita.

Dishi ndi chitsulo chimene chili pamwamba, ndipo nthambo yake imalowa mpaka pa balaza pamene ana amakhala. Mphenzi siichita kufunika kumenya dishi yeniyeniyo kuti iwononge. Ikagwa pa mtengo wa bulugama kuseri kwa nyumba, mphamvu yake imatha kulumphira mu nthambo n'kukaotcha dikoda ndi kanema. Ndiye ntchito yathu ndi kuipatsa mphamvuyo njira yachidule yopita pansi. A zamagetsi amati kuika ethi.

Gulani ethi rodi, ndodo yachitsulo yokutidwa ndi kopa. Zambiri za m'mahadiweya n'za mita 1.2 kapena 1.5, koma dothi lathu la mchenga limauma kwambiri mu Okutobala, choncho yotalika kufika mamita 2.4 ndiyo yabwino, kapena zifupizifupi ziwiri zolumikizana. Ikhomeni pansi pa dishi pomwepo, pamalo osachedwa kunyowa, mpaka ingotsala nsonga. Chonde musaidule pakati chifukwa choti nthaka yalimba. Thirani madzi, mupumule, mupitirize mawa. Ena amathira mchere ndi makala m'dzenjemo. Zimathandiza kwa kanthawi, koma mcherewo umadya chitsulo ndipo mvula imaukokolola.

Waya wake akhale wakopa, wonenepa, wosachepera 6 mm², ndipo ngati thumba likulola tengani wa 16 mm². Zotsala za waya wa mababu ayi. Palani penti ndi dzimbiri pa mwendo wa dishi, mumange wayayo ndi bawuti, osangokulunga ngati mukumanga mtolo wa nkhuni. Atsike molunjika, osapindapinda, chifukwa mphenzi ikapeza ngodya yakuthwa imadumphira pa china chilichonse chapafupi. Muikeni mu phaipi ya pulasitiki. Mukudziwa mmene kopa amasowera usiku.

Nthambo ya chithunzi nayonso imafuna ethi. Pali kachitsulo kotchedwa grounding block kamene amaika panja, pamene nthambo ikulowera m'nyumba, n'kukalumikiza ku ndodo ija.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, ndiye mumve bwino. Ngati nyumba yanu ili ndi magetsi a ESCOM, ili kale ndi ndodo yake ya ethi, kawirikawiri pafupi ndi mita. Ndodo ya dishi ndi ya nyumba ziyenera kulumikizidwa ndi waya wonenepa. Zikakhala payokhapayokha, mphenzi ikagwa pafupi mphamvu imachuluka pa ndodo imodzi kuposa inzake, ndipo imafuna podutsira kuti ifanane. Podutsira pake ndi dikoda yanu ija, pakati pa nthambo ya dishi ndi pulagi. Kulumikiza uku muitanire wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso, osati mnyamata wongodziwa kulunzitsa dishi. A sola, funsani amene anakuikirani kuti ethi ya mapanelo ndi ya dishi azimange pamodzi.

Ntchitoyi ichitike kunja kuli ngwee, mvula ya Novembala isanayambe. Kukwera pa malata mitambo itada ndi kuputa maliro. Chaka ndi chaka muziyang'ana mabawuti ngati sanachite dzimbiri, ndiponso ngati ana kapena mbuzi sizinazule waya.

Ndisakunamizeni, ethi imachepetsa ngozi koma mphenzi ikamenya dishi mwachindunji zida zimatha kupsabe. Mukamva bingu lakutali, zulani pulagi ndi nthambo ya dishi kumbuyo kwa dikoda. Kukang'anima, werengani: masekondi 3 musanamve bingu ndiye kuti yagwa pa mtunda wa kilomita imodzi. Ikafika pafupi chonchi musakhudzenso nthambo, ingotalikiranani nazo. Eni mavidiyo sho, anyamata adzakuwa kuti mpira uli pakati, koma mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza musanayatsenso.