Mmene Mungayambire Kudyetsa Timbalame ta Hummingbird Pakhomo

Kwa inu okhala ku America, komwe kumapezeka timbalame ta hummingbird (timbalame ting'onoting'ono tomwe timamwa timadzi totsekemera ta m'maluwa), amene mukufuna kudziwa poyambira kutidyetsa, yambani ndi madzi a shuga. Sungunulani kapu imodzi ya shuga woyera m'makapu 4 a madzi owiritsa, ndipo muwasiye azizire. Musathiremo utoto wofiira kapena uchi, chifukwa uchi umachita nkhungu yomwe imadwalitsa timbalameti.

Thirani madziwo m'kabotolo komwera kofiira, kenaka mukapachike pamthunzi pomwe amphaka sangafike. M'nyengo yotentha, sinthani madziwo masiku 2 aliwonse ndi kutsuka kabotoloko ndi madzi otentha. Mukaona kuti madzi achita mbuu, atayeni msanga. Bzalaninso maluwa ofiira monga salvia, ndipo chonde musapopere mankhwala m'munda, pakuti timbalameti timadyanso tizilombo ting'onoting'ono.