Nyali yophera tizilombo musaipachike kuchipinda

Amene mwagula nyali zabuluu zija zophera tizilombo ndi magetsi, musazipachike kuchipinda. Ine ndinatero kuno ku Mangochi, ndimvekere udzudzu wathera pomwepa. Usiku wonse inkangoti tcha! tcha!, koma m'mawa m'kambale kake ka pansi ndinapezamo agulugufe ausiku, nkhungu za kunyanja ndi ngumbi. Udzudzu uwiri wokha, ana atalumidwa miyendo yonse.

Udzudzu sulondola kuwala kwenikweni. Umalondola mpweya umene timatulutsa popuma, fungo la thukuta ndi kutentha kwa thupi. Nyaliyo ikakhala m'nyumba imangokuitanirani zouluka zina kudzera pazenera.

Ipachikeni panja, kumapeto kwa khonde, kutali ndi khomo komanso posafika mvula, kuti zoulukazo zizikathera komweko. Isakhale pamwamba pa thandala la usipa kapena pomwe mumadyera, chifukwa tizilombo tikamapsa tizidutswa take timawazikira pansi.

Nkhungu zikatuluka, mawaya amadzaza usiku umodzi wokha, nyali n'kusiya kuwomba. Zulani kaye pulagi, dikirani pang'ono poti moto umatsalira m'mawayamo, kenako musese ndi mswachi wakale wouma. Madzi ayi.

Za udzudzu, neti ndiye mwini nkhani. Kachipangizo kotchaja kaja kooneka ngati kosewerera tenesi kamathandizako mukakayendetsa kunsi kwa bedi ndi kuseri kwa zovala zopachika musanagone, poti ndi komwe umabisala masana.